Utsogoleri pa bizinesi m'mapiri a Dedza

Utsogoleri pa bizinesi ndi luso loona mwayi, kusonkhanitsa anthu ndi mpamba, n'kuwayendetsa mpaka mwayiwo ubale phindu. Umasiyana ndi ukapitawo. Kapitawo amayang'anira ntchito imene ilipo kale kuti ithe pa nthawi yake, pamene woyambitsa bizinesi amalambula njira pamene panali tchire, ndipo zikavuta, ndalama zolowa m'madzi zimakhala zake. Katswiri wa zachuma Joseph Schumpeter analemba mu 1911 kuti munthu wotere amadziwika ndi kuphatikiza zinthu zimene zilipo kale m'njira yatsopano, osati ndi kukula kwa thumba lake.

Dedza ili ndi chitsanzo choonekeratu. Tauniyi ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pa msewu wa M1, makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, malire a Mozambique ali pakhomo pomwepo. Dongo ndi luso loumba mbiya zinalipo chiyambire makolo, apaulendo nawo ankadutsa tsiku ndi tsiku. Dedza Pottery itatsegulidwa mu 1987, chatsopano chinali kulumikiza zimenezi ndi ng'anjo yotentha kwambiri komanso zithunzi zojambula pamanja pa makapu, mbale ndi matailosi. Pamalopo palinso podyera ndi pogona alendo. Maso oona mwayi omwewo ali ndi mayi amene anayamba kukazinga chipisi pamsika ataona kuti kachewere wamng'onomng'ono akusiyidwa ndi ogula.

Koma kuyambitsa ndi kwina, kutsogolera anthu ndi kwinanso. Mu 1939, Kurt Lewin ndi anzake ku America anayesa mitundu itatu ya utsogoleri pa magulu a anyamata: wolamula, wokambirana ndi wolekerera. Yonse itatu ikupezeka kuchokera ku Bembeke mpaka ku Linthipe, ngakhale eni ake saitchula mayina amenewa.

Wolamula ndi umene wafala. Pagolosale, pachigayo, pamalo ochekera matabwa a paini, mawu omaliza ndi a bwana, ndipo oyamba omwe ndi awo. Njirayi ili ndi malo ake ndithu. Kachewere akakumbidwa sadikira msonkhano, lole yopita ku Blantyre ikadzaza imanyamuka, ndipo mtengo wa m'mawa pa Chimbiya kapena pa Lizulu si wa madzulo. Pa makina ocheka, lamulo loteteza manja a anthu si lokambirana. Vuto limabwera kulamula kukakhala njira yokhayo. Wantchito woopa bwana amabisa cholakwa mpaka chitakula. Aona lamba wa chigayo akutha, akhala chete poopa kudulidwa malipiro. Nambala za ogula zili m'foni ya bwana, ngongole za makasitomala zili m'mutu mwa bwana, makiyi a kabati ali m'thumba la bwana. Bwanayo akapita kumaliro ku Angonia masiku atatu, bizinesi nayo imakhala pamaliro. Amenewa ndiwo matenda aakulu a mabizinesi ang'onoang'ono a kuno.

Utsogoleri wokambirana nyumba yake ndi kopaletivi, gulu la alimi a mkaka, ndi banki mkhonde. Lamulo la makopaletivi la 1998 limatsata mfundo yakuti membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya masheya ake ndi ambiri kaya ochepa. Ku banki mkhonde, bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake kwa anthu atatu osiyana, ndipo ndalama zimawerengedwa mokweza aliyense akuona. Anthu amasunga lamulo limene aika okha, ndipo mphamvu ya njirayi yagona pamenepo. Alimi a kachewere akhala akulira ndi matumba osokerera pamwamba amene mavenda amagulira. Mlimi mmodzi sangakane thumba lotere, koma alimi makumi asanu ogwirizana pa muyeso umodzi angathe.

Kugwirizanako n'kumene kumayesa wapampando. Mgwirizano umatha tsiku limene membala wosowa ndalama ya fizi wagulitsa kumbali pa mtengo wotsika, anzake akudikira. Wapampando wanzeru salimbana ndi munthuyo pamsonkhano pokha. Amafunsa chimene chamukankha, n'kukonza thumba la ngongole zadzidzidzi kuti mawa wina asachite zomwezo. Pali mayeso enanso ovuta kuposa awa. Pamalo osonkhanitsira mkaka, mkaka uliwonse umayezedwa usanalowe m'thanki yoziziritsira, chifukwa chigubu chimodzi chothira madzi kapena chosasa chimaononga wa anthu onse. Tsiku lina chigubu chotero chimakhala cha mlamu wa wapampando kapena cha mkazi wa a nyakwawa. Chikabwezedwa, mamembala onse amadziwa kuti lamulo lilipodi. Chikalandiridwa, mawa lake madzi amachuluka m'zigubu zina. Kukambirana n'kwa poika lamulo. Politsata pamafunika munthu wosagwedezeka, ndipo akale anaziona kale ponena kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Chofooka china cha njirayi n'chakuti makomiti ena amakakamira pa mipando zaka ndi zaka, chisankho chikungoimitsidwa, mpaka gulu la anthu ambiri lisanduka munda wa anthu anayi.

Utsogoleri wolekerera umayenera amisiri okhwima. Kumunsi kwa mapiri, ku Mua, bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo kumeneko kwaphunzira osema ziboliboli ambiri. Wosema amene wagwira sompho zaka makumi awiri safuna womuimirira kumbuyo. Amafuna mtengo wabwino, zida ndi msika. Komabe kupatsa mmisiri ufulu n'kosiyana ndi kutaya bizinesi. Munthu ali ku Johannesburg, atumiza ndalama zogulira chigayo, asiyira mphwake popanda buku, popanda malipiro omveka, popanda tsiku lowerengera. Chaka chikatha, chigayo chafa ndipo chibale chasokonekera. Mphwakeyo amatchedwa wakuba, chonsecho sanauzidwe n'komwe malire a zake ndi za eni ake.

Mu 1978, James MacGregor Burns anasiyanitsa utsogoleri wosinthana ndi utsogoleri wosintha anthu. Woyambawo aliyense wa kumudzi amaudziwa, ndi wa ganyu: ndime yapimidwa, mtengo wamveka, ntchito yatha, ndalama yaperekedwa. Ena amaunyoza ngati wotsika, koma ndiwo maziko. Bwana amene amachedwetsa malipiro alibe pakamwa pouzira antchito za masomphenya. Lamulo la ntchito la 2000 limafuna kuti wolembedwa ntchito apatsidwe mfundo za mgwirizano wake molemba, ndipo lamulo la penshoni limene linabwera mu 2011 linaika gawo la wolemba ntchito pa 10 peresenti, la wantchito pa 5. Utsogoleri wosintha anthu umamangidwa pamwamba pa zimenezi. Umachititsa wantchito kuona ntchito ngati yake, n'kukula nayo. Mnyamata amene analowa ngati wosefa dongo aphunzira kuumba, kenako kupaka utoto, mapeto ake ndiye akusamala moto wa ng'anjo, pamene kulakwitsa pang'ono kumaswa katundu wa sabata yathunthu. Eni mabizinesi ambiri amaopa kuphunzitsa poganiza kuti wophunzirayo adzachoka n'kukatsegula yake pafupi. Zimachitikadi. Koma wosaphunzitsidwa amene watsala amaononga zambiri kuposa wophunzira amene wachoka, ndipo wochoka mwamtendere kawirikawiri amasanduka wogulitsa zipangizo kapena wotumiza makasitomala.

Palibe mtundu umodzi wokwanira nyengo zonse. Paul Hersey ndi Ken Blanchard anafotokoza mu 1969 kuti katsogoleredwe kayenera kutsata luso ndi kukhwima kwa wotsogoleredwa: watsopano auzidwe chochita, wozolowera afunsidwe maganizo, katswiri asiyiridwe. Nyengo nayo imalamula. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya feteleza, mankhwala a chiwawu ndi mafuta inakwera, ndipo mwini shopu ankayenera kusintha mitengo tsiku lomwelo, apo ayi agulitse katundu pa ndalama yosakwanira kukaodanso. Chimenecho chinali chigamulo cha munthu mmodzi. Koma nkhani ya malipiro amene mphamvu yake inali itatha inafunika kukhala pansi ndi antchito, mabuku ali potseguka.

Chibale chimalowa m'mabizinesi a kuno mozama kuposa momwe mabuku a kunja amaganizira. M'midzi yambiri ya Dedza mtundu umatsata kuchikazi, ndipo mwamuna wochita bwino amakhala bambo kwa ana ake komanso malume wa ana a alongo ake. Onsewa amayang'ana shopu imodzi. Kulemba ntchito wachibale si kulakwa, pakuti nthawi zambiri ndiye amapirira malonda akavuta. Cholakwa ndi kumulemba popanda udindo womveka, n'kulola sopo ndi shuga kutuluka pashelefu osalembedwa chifukwa wotenga ndi wa pakhomo. Thandizo kwa abale liyenera kuchokera pa malipiro a mwini bizinesi, amene iye mwini amadzilipira pamwezi monga wantchito wina aliyense, osati mumpamba.

Gawo lomaliza la utsogoleri ndi kukonza wolowa m'malo, ndipo ambiri amalizengereza poona ngati n'kudziitanira imfa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Koma lamulo limagawa katundu, siliphunzitsa munthu kuyendetsa chigayo. Zoyenera kuchitika mwini wake ali moyo n'zodziwika: kulembetsa bizinesi ku boma m'dzina lake, kuitsegulira akaunti ya kubanki kapena nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yosiyana ndi ya pakhomo, kulemba zolowa, zotuluka ndi ngongole m'buku limene munthu wachiwiri amatha kuwerenga, ndi kulemba wilo. Wolowa m'maloyo adziwike kwa ogula, kwa ogulitsa katundu ndi kwa abale mbali zonse ziwiri, ndipo ayambe wasiyiridwa makiyi kwa sabata, kenako kwa mwezi, mwini wake akuwerengera naye akabwerako.