Musawaseke agogo akaberedwa pa foni

Abale a m'gulu lino, ine ndimagulitsa tomato ndi mbatatesi. Kwathu ndi ku Luwawa, kufupi ndi nkhalango ya paini ya Viphya, m'boma la Mzimba. Sabata ino ndalemba ndili ndi mkwiyo, ndipo ena mwa inu ukukhudzani.

Mwezi watha azakhali anga, a zaka zoposa 70, analandira foni. Woimbayo anawalonjera bwinobwino m'Chitumbuka, "Monire amama," n'kutchula dzina la mwana wawo amene ali ku Joni. Anati iye ndi dalaivala, wanyamula katundu wawo, wakodwa pa boda ya Dedza, pakufunika ndalama ya msonkho lero lomwe apo ayi katundu alandidwa. Azakhali anatsika kupita kwa ajenti, natumiza ndalama yonse ya chimanga chomwe anagulitsa. Madzulo nambala ija inali yozima. Mwana wawo sanatumize kanthu, sankadziwa n'komwe.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi zomwe ndinamva pamsika. Anthu akuseka, eti "agogo nawonso, chaka chino n'kumapusitsidwa?" Inu amene mumaseka, imani kaye. Dzina la mwana uja wakubayo analitenga kuti? Ife tomwe timalemba pa Facebook kuti achimwene afika bwino ku Johannesburg. Ife tomwe timaponya nambala za makolo m'magulu a WhatsApp a maliro ndi a ukwati. Kuno ku Mzimba, pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana ku Joni, ndiye bodza limeneli siliphonya khomo.

Komanso ndani amawagulira foni agogo? Ife. Timawatsegulira Airtel Money kapena Mpamba, nambala yachinsinsi timaika chaka chawo chobadwa kuti asaiwale, n'kuilemba pakapepala kuseri kwa foni, basi tanyamuka. Tawasiyira nkhokwe yopanda chitseko, kenako tikudabwa kuti chimanga chatha.

Akubawa masiku ano sangopempha ndalama zokha. Amafuna mbiri ya munthu. Wina amati akuimba kuchokera ku Mtukula Pakhomo, wina ku fetereza wotsika mtengo, wina ku kampani ya foni, kuti "nambala yanu itsekedwa mukapanda kutiuza nambala ya chiphaso cha unzika ndi tsiku lobadwa." Agogo amakhulupirira chifukwa zinthuzi zilipodi. Ziphaso za NRB tinalembetsa mu 2017, ndipo mu 2018 MACRA inalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe. Wakuba amabisala m'zoonazo. Akapeza dzina, nambala ya chiphaso ndi tsiku lobadwa, amayesa kukatulutsa simu khadi ina m'dzina la agogo. Foni yawo imangofa netiweki, ndalama zikutuluka kwina.

Ndiye akhazikeni pansi makolo anu, muwauze zizindikiro izi m'chinenero chawo, osati m'Chingerezi cha pa uthenga wa kampani. Wofulumizitsa, wonena kuti "pompano, musadule foni," ndi wakuba. Wokuuzani kuti musauze aliyense, ndi wakuba. Wofunsa nambala yachinsinsi kapena manambala amene angolowa kumene pa uthenga, ndi wakuba, chifukwa ngakhale banki kapena kampani ya foni safunsa zimenezo. Wonena kuti mwapambana mpikisano umene simunalowe, kapena kuti mulipire kaye kuti mulandire thandizo la boma, ndi wakuba. Wonena kuti "ndatumiza ndalama molakwitsa, ndibwezereni," onani kaye ndalama zimene zili mu foni mwanu musanabweze, uthengawo amangoulemba okha. Mankhwala ake ndi amodzi: dulani foni, imbirani mwana wanu pa nambala imene mumaidziwa kale.

Ena mudzati udindo ndi wa boma ndi makampani. Zoona, nawonso sindiwasiya. Lamulo la milandu ya pa intaneti ndi pa foni lilipo kuyambira 2016. Nyuzipepala zakhala zikulemba kuti ena mwa oimbawa ali m'ndende ya Zomba. Munthu ali m'chitolokosi, foni akuipeza bwanji? Simu zolembetsedwa m'mayina a eni akuzitenga kuti? Mafunso amenewa tiwafunse mokweza. Koma pamene tikudikira mayankho, foni ya amayi anu ilira mawa m'mawa, ndipo wa MACRA sadzakhala pakhonde pawo.

Inunso maajenti anzanga a pamsika, mukaona agogo abwera foni ili kukhutu, manja akunjenjemera, akufuna kutumiza ndalama yambiri ku nambala yachilendo, kufunsa kuti "agogo, mukumudziwa ameneyu?" sikukuchotserani komishoni.

Kuseka kwathu kumathandiza akuba. Azakhali anabisa nkhaniyi masiku anayi chifukwa cha manyazi. Tikanadziwa tsiku lomwelo, tikanathamangira kupolisi ndi kukampani, mwina ndalamayo isanatapidwe. Pano akalandira foni ya mwana wawo weniweni amayamba akayika, amandipatsa ine kuti ndimve mawu.

Lamlungu lino muwaimbire makolo anu. Sinthani nambala yachinsinsi ija, ng'ambani kapepalako, ndipo mugwirizane funso la m'banja limene mlendo sangayankhe, monga dzina la ng'ombe imene munali nayo kale. Azakhali asankha lawo, ndipo ine sandiuza.