Dengue sasankha a mphumu okha

Pali uthenga umene ukuyenda m'mafoni, makamaka pakati pa amalonda opita kukaoda katundu ku Dar es Salaam. Akuti dengue amapha anthu a mphumu ndi a ziwengo okha, ndipo amene thupi lake silidana ndi fumbi, mazira kapena nsomba asade nkhawa, kwa iye ndi timalungo chabe. Ena awonjezera kuti ukamwa Piriton kapena prednisolone msanga, matendawa sakula. Ife tikukana.

Bodzali lafala chifukwa lili ndi kachoonadi pang'ono. Mu 1981 dengue anabuka ku Cuba, nadwalitsa anthu oposa 340,000 ndi kupha 158, mwa iwo ana 101. Madokotala kumeneko anaonadi kuti mphumu imapezeka kawirikawiri mwa amene anadwala mwakayakaya. Kafukufuku wa ku Salvador ndi Fortaleza ku Brazil, wofalitsidwa mu 2010, anatchulanso ziwengo. Koma uthenga wa m'mafoniwu wadumpha dala zina: ku Cuba anatchulanso matenda a shuga ndi a sikoselo, ku Brazil nako shuga analipo. Mphumu ndi dzina limodzi pa mndandanda, ndipo kupezeka pamodzi kwa zinthu ziwiri sikutanthauza kuti chimodzi chabala chinzake.

Phunziro lenileni la ku Cuba lili pena. Kachilombo ka dengue kali ndi mitundu inayi. Mu 1977 chilumbachi chinagwidwa ndi mtundu woyamba. Mu 1981 kunabwera wachiwiri. Munthu akachira ku mtundu umodzi, chitetezo chimene thupi lapanga sichikwanira kugonjetsa mtundu wina, ndipo nthawi zina chimauthandiza kulowa m'maselo ndi kuswana. Apa m'pamene mitsempha imayamba kuchucha madzi, magazi n'kuuma, munthu n'kukomoka. Choncho wamalonda wamphamvu zake, amene sanayetsemulepo chifukwa cha fumbi, koma anadwalapo dengue pa mliri wa ku Dar es Salaam mu 2014 kapena 2019, ali pa chiopsezo ulendo wotsatira. Mwinanso sadziwa kuti anadwalapo, poti ambiri amangoti anali malungo.

Za mapiritsi zija n'zachabe. Piriton amachepetsa kuyabwa basi, ndipo World Health Organization silimbikitsa prednisolone pochiza dengue. Oopsa kwambiri ndi brufen ndi aspirin amene timagula pa golosale mutu ukangowawa, chifukwa amawonjezera kutaya magazi. Wololedwa ndi panado, pamodzi ndi kumwa madzi ambiri. Wa mphumu asasiye mankhwala ake, koma auze dokotala zimene akumwa.

Nthawi yonyenga ndi pamene thupi lazizira, pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri. Wodwala amadzuka, abale n'kumati wachira, mwinanso akwere basi yobwerera kumudzi. Ngati pamenepo m'mimba mukupweteka kwambiri, akusanza osaleka, nkhama zikutuluka magazi, wachita kamfuno kapena wangofooka, thamangirani naye kuchipatala usiku womwewo, kaya ali ndi mphumu kaya alibe.

Udzudzu wa Aedes, umene umafalitsa dengue, umaluma masana, nthawi imene muli pakati pa mabelo ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, neti ili kogona alendo. Valani zofika m'mikono ndi m'miyendo, dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu. Mukabwerako thupi n'kutentha, koma atakuyezani malungo osapezeka, auzeni adokotala kumene munali ndi tsiku limene munachokako.