Atsikana pa wailesi: zimene ndinaona ku Phalombe ndi funso kwa ife makolo a Chisilamu

Patangopita masabata ochepa namondwe wa Freddy atawomba mu March 2023, ndinali nawo pagulu la Asilamu omwe tinakapereka ufa ndi mabulangete pasukulu ina m'tsinde mwa phiri la Mulanje, mbali ya Phalombe. Matope ndi miyala yochokera kuphiri zinali zitakokolola nyumba ndi minda, moti akuluakulu ankakumbukira napolo wa 1991 wa ku Michesi. Tsiku lomwelo kunafikanso mtolankhani wa wailesi ina. Anacheza ndi amfumu, wapampando wa komiti ya pamsasapo ndi abambo ena awiri, n'kubwerera.

Atsikana anali atakhala kuseri kwa kalasi, palibe anawafunsa kanthu. Madzulo mayi wina wa m'gulu lathu atakhala nawo pamphasa, anamuuza kuti analibe zodzisamalira akakhala kumwezi, kuti usiku ankaopa kupita kuchimbudzi chifukwa kunali kutali ndi kwa mdima, ndi kuti ena makolo awo anali atayamba kukamba zowakwatitsa poti chakudya chinavuta. Zonsezi pa wailesi sizinamveke.

Mtolankhani uja sindikumuimba mlandu. Mtsikana wa zaka 14 woleredwa bwino sangamasukire bambo wachilendo pa nkhani zotere. Amamasukira mkazi mnzake, makamaka wosiyana naye zaka pang'ono. Choncho amene wagwira maikolofoni ndi amenenso amachititsa kuti nkhani ina imveke, ina ikwiririke.

Anzathu a ku Rwanda mphamvu ya wailesi amaidziwa mowawa. Mu 1994 wailesi ya RTLM inkamema anthu kuti akaphe anzawo, ndipo anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100 okha. M'dziko lomwelo, mu 2011, munayambika Ni Nyampinga, magazini ndi pulogalamu ya pa wailesi yomwe atolankhani ake anali atsikana achisodzera. Iwowa ankayenda m'maboma kukajambula mawu a atsikana anzawo pa za sukulu, umoyo ndi kasungidwe ka ndalama, ndipo mafunso ovuta ankayankhidwa ndi mayi wotchedwa Shangazi, kutanthauza azakhali. Anasunga mwambo woti mwana wamkazi amalangizidwa ndi azakhali ake, n'kuutengera pa wailesi.

Kuno kwathu izi si zachilendo. Wailesi yoyamba ya m'dera m'Malawi muno, Dzimwe, inayamba kunyanja konkuno, ku Monkey Bay, mu 1998, ndipo anaiyambitsa ndi amayi atolankhani a bungwe la MAMWA mothandizidwa ndi UNESCO, pofuna kuti amayi akumudzi azimveka. Mu 2017 bungwe la Girl Effect, lomwe linali kumbuyo kwa Ni Nyampinga, linayambitsa Zathu kuno. Ku Mulanje kuli Mzati, ndipo ife tili ndi Radio Islam. Wailesi imafika kumene nyuzipepala sifika, imamveka ngakhale pa kafoni ka mabatani, ndipo gogo wosadziwa kuwerenga amaimva m'Chiyao kapena m'Chichewa.

Nkhani zoti atsikana akambe zilipo zambiri. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana pafupifupi 42 mwa 100 alionse amakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Boma limalolanso mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silithandiza mwana wa ku Nkhulambe kapena ku Makanjira ngati sanalimvepo. Nafenso akunyanja tili ndi zathu: tonse tikudziwa zimene atsikana ena amapemphedwa pamadoko kuti agule usipa, koma pa Jumu'ah sitizitchula.

Makolo ena amandifunsa kuti: “Sheikh, kodi mawu a mkazi si awrah?” Maulama ambiri amati ayi. Chimene Surah Al-Ahzab ikuletsa ndi kufewetsa mawu mokopa, pomwe ayah yomweyo ikulamula kuyankhula mawu abwino. Surah Al-Mujadilah inatsika chifukwa cha Khawlah bint Tha'labah, mayi amene anakadandaula kwa Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) za nkhani ya m'banja mwake, ndipo Allah anamva dandaulo lakelo. Khansa bint Khidam atakwatitsidwa ndi bambo ake asakufuna, anakanena yekha kwa Mtumiki, ndipo ukwatiwo unathetsedwa. Mayi Aisha (radhiya Allahu anha) anafotokoza ma hadith oposa 2,000, ndipo maswahaba aamuna ankapita kukawafunsa. Amayi amenewa anali ndi haya kuposa ife tonse, koma haya sinawatseke pakamwa pa chilungamo. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Nkhawa zina za makolo ndi zomveka. Mapulogalamu ena amayendetsedwa ndi ndalama zakunja ndipo amabwera ndi maganizo osemphana ndi dini yathu. Mtsikana akhoza kuyenda usiku, kukumana ndi amuna opanda khalidwe, kapena kutengeka ndi kutchuka n'kutayirira sukulu. Komabe tikawaletsa ana athu onse, mapulogalamuwo sasiya kuulutsidwa. Ana athu aziwamvera ndithu, kungoti simudzakhala mawu a mtsikana wa Chisilamu wodziwa Qur'an yake, ndipo nkhani zathu azidzatikambira ena.

Njira yabwino ndi kuwalola titawaphunzitsa. Surah Al-Hujurat ikutilamula kufufuza nkhani tisanaikhulupirire, ikuletsanso miseche ndi kufukula zinsinsi za anthu, ndipo utolankhani wabwino wagona pomwepo. Mtsikana wathu adziwe kuti dzina, mudzi ngakhale sukulu ya mwana wochitidwa nkhanza siziulutsidwa. Adziwe kuti nkhani yogwiriridwa imayamba yapita kupolisi, kuchipatala kapena pa nambala yaulere ya ana ya 116, isanafike pa wailesi. Aziyenda awiriawiri, masana, makolo akudziwa komwe wapita, hijab ili kumutu, ndipo mayeso a MSCE akhale patsogolo.

Poyambira sipafuna ndalama zambiri. Madrasa iliyonse yomwe ili ndi mphunzitsi wamkazi ndi foni yojambula mawu ikhoza kuyambitsa kagulu ka atsikana asanu, kuwaphunzitsa kufunsa, kumvetsera ndi kulemba, kenako n'kukagogoda ku wailesi ya m'dera lawo. Makomiti a mizikiti athandize ndi ndalama yoyendera, monga momwe amathandizira anyamata opita ku mpikisano wowerenga Qur'an.

Mvula ya ku Mulanje idzabweranso, ndipo masukulu a ku Phalombe akhoza kudzasandukanso misasa. Pempho langa ndi loti tsiku limenelo kudzapezeke mtsikana wonyamula maikolofoni amene adzazungulire kuseri kwa kalasi kuja, n'kukhala pamphasa. Akadzakhala mwana wanu, musadzachite manyazi. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.