Akakufunsani za Dzulo, Musayankhe za Mawa



Ana athu akaitanidwa ku intaviyu amasita zovala, amasonkhanitsa masatifiketi, ndi kuloweza mayankho onga akuti, "Ndine wolimbikira ntchito." Koma masiku ano mabanki, mahotela ndi mabungwe ambiri amafunsa mwa mtundu wina. Amati: "Tatiuzani za tsiku lina limene munasemphana maganizo ndi mnzanu pa ntchito. Munachitapo chiyani?" Apa mwana woloweza uja amangoti kakasi.

Mafunso otere ali ndi chifukwa chake. Olemba ntchito amaona kuti zimene munthu anachita kale ndizo zimasonyeza bwino zimene adzachite akalembedwa. Buku lofotokoza njirayi, Behavior Description Interviewing, lolembedwa ndi Tom Janz ndi anzake, linatuluka mu 1986. Mwachidule, iwo akufuna kumva nkhani imene inachitikadi.

Yankho labwino lili ndi magawo anayi, amene pa Chingerezi amawafupikitsa kuti STAR. Choyamba, nenani mmene zinthu zinalili. Chachiwiri, udindo wanu unali wotani. Chachitatu, inuyo munachita chiyani. Apa ndi pofunika kukhalitsapo. Chachinayi, zotsatira zake zinali zotani.

Wina anena kuti, "Ine ndangomaliza MSCE, sindinagwirepo ntchito, ndikanena chiyani?" Mwana wa kunyanja sasowa nkhani. Tiyerekeze mtsikana wa ku Mangochi amene amathandiza mayi ake geni ya usipa. Akafunsidwa za kasitomala wokwiya, angathe kuyankha chotere: "Wogula wina anabwera atakwiya chifukwa usipa umene tinamugulitsa sunaume bwino. Mayi anali atachoka, ndipo ine ndinali woyang'anira malonda. Ndinamumvetsera osamudula mawu, ndinauona usipawo, ndipo ndinamusinthira wina. Kenaka ndinayamba kuona usipa uliwonse pathandala tisanaupakire. Munthuyo akugulabe kwa ife." Kuphunzitsa ana aang'ono ku madrasa, kusunga ndalama za gulu, kapena kutsogolera timu ya mpira, zonsezi ndi nkhani zoyenera.

Konzani nkhani zisanu kapena zisanu ndi imodzi: ya mkangano, ya cholakwa chimene munakonza, ya ntchito ya changu, ya kutsogolera anzanu, ndi ya kuphunzira chinthu chatsopano. Iliyonse isapitirire mphindi ziwiri. Werenganinso chilengezo cha ntchitoyo, pakuti makhalidwe amene atchulamo ndi amene adzafunse.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Tinaleredwa kuti tisamadzitame, ndiye timakonda kunena kuti "tinachita." Koma akulemba ntchito inu, osati gulu lonse. Nenani mwaulemu kuti "ndinachita," potchula gawo lanu lokha. Chinanso, musapeke nkhani. Ofunsawo amakumba: "Linali liti? Analipo ndani? Iye anati chiyani?" Wabodza amagwidwa pa funso lachitatu, ndipo ntchito yolowera bodza ilibe baraka.

Makolo, apa pali gawo lanu. Madzulo mukatha kudya, khalani ngati bwana, mumufunse mwanayo, iye ayankhe mokweza mpaka manyazi athe. Mumukumbutsenso zabwino zimene anachita, zimene mwina iye anaiwala koma inu mukuzikumbukira.