Lenzi yaitali itsale kunja kwa bwalo la hockey

M'mabwalo ambiri a NHL, ligi yaikulu ya hockey ya pa ayezi ku Canada ndi ku America, mlonda wa pachipata akapeza kamera ya lenzi yaitali m'chikwama chanu amakubwezani. Mabwalo ena amakana kamera iliyonse yochotsa lenzi, ena amayeza kutalika kwa lenziyo. Tikiti mwagula, yodula ndithu, koma simulowa mpaka kamerayo itakatsala m'galimoto. Anzathu okonda kujambula amati limeneli ndi dyera basi. Ife tikuvomera kuti dyera lilipo, komabe lamuloli tikuliikira kumbuyo.

Za dyerazo n'zosabisika. Zithunzi za masewera ndi malonda. Matimu ali ndi ojambula awoawo, ndipo NHL imagwira ntchito ndi kampani ya Getty Images imene imagulitsa zithunzi ku nyuzipepala ndi magazini. Eni ligi sangakondwe kuona munthu wa tikiti wamba ali ndi zida zofanana ndi za akatswiri. Chifukwa chimenecho ndi chawo. Chathu ndi china.

Taganizirani za munthu amene wakhala pafupi nanu. Lenzi ya 70-200mm, imene ojambula masewera amaikonda, ndi yaitali pafupifupi masentimita 20 ndipo imalemera pafupifupi kilogalamu ndi theka. Mipando ya m'mabwalowa ndi yothinana, phewa kukhudza phewa. Ndiye hockey si masewera oti kamera mungailoze malo amodzi n'kudikira. Bwalo lake ndi lotalika mamita 61, ndipo osewera amalidutsa m'masekondi ochepa chabe. Wojambula amangozunguza chitsulo chakecho uku ndi uku, chigongono chili pankhope pa mnzake, lenzi ili pakhutu pa wa kutsogolo. Chigoli chikamayandikira amaimirira, mwana wa kumbuyo n'kuona msana wokhawokha. Anthu onsewa analipira ndalama yofanana ndi yake, ndipo sanabwere kudzaonera iyeyo.

Palinso ngozi, ndipo apa sitikukokomeza. Puck, kampira kaphwatalala kamene amamenya ndi ndodo kaja, ndi labala wolimba wolemera pafupifupi magalamu 170, ndipo amayamba akaumitsa mufiriji masewera asanayambe. M'chaka cha 2012 Zdeno Chara anakamenya pa liwiro la makilomita 175 pa ola. Mu Marichi 2002, ku Columbus, puck inadumpha galasi lotchinga bwalo n'kumenya pamutu mtsikana wa zaka 13 amene anadzaonera masewera, ndipo anamwalira patapita masiku awiri. Kuyambira pamenepo NHL inalamula kuti kuseri kwa magolo kuzikhala maukonde. Koma m'mbali mulibe ukonde, muli galasi lokha, ndipo puck imalidumphabe. Wa maso awiri ali pabwalo amaiona ikubwera n'kuwerama. Wa diso limodzi lili m'kamera akuona kachigawo kochepa, mwina nkhope ya goloboyi yokha. Sangadziteteze, komanso sangateteze mwana amene wabwera naye.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zithunzi zimene akuvutikirazo kawirikawiri sizikhala zabwino. Akakhala m'munsi, akujambula kudzera m'galasi lokandikakandika. Akakhala kuseri kwa golo, ukonde uli patsogolo. Akakhala pamwamba, akujambula mitu ya zipewa. Akatswiri amagwada m'makona, pamene galasi analiboola kabowo kolowetsapo lenzi. Chithunzi chotchuka kwambiri cha hockey, cha Bobby Orr ali m'malere atangomwetsa chigoli chopatsa Boston Bruins chikho cha Stanley Cup pa 10 Meyi 1970, anajambula ndi Ray Lussier ali m'mphepete mwenimweni mwa ayezi, chakufupi ndi golo. Chinam'patsa chithunzicho ndi malo amene anali, ndipo malo otere sagulitsidwa ndi tikiti.

Ena akuti mafoni a masiku ano amakokanso zinthu zakutali, ndiye lamulolo latha ntchito. Kwa eni malonda mwina latha, n'zawo zimenezo. Koma foni simenya munthu pakhutu.

Pamene tikudandaula nawo ndi pa kayendetsedwe kake. Bwalo lililonse lili ndi muyeso wake, ndipo wophunzira wobwera pa basi alibe galimoto yosiyamo kamera imene anaisungira ndalama chaka chathunthu. Lamulo lilembedwe poyera pamene munthu akugula tikiti, ndipo pachipata pakhale malo osungitsa katundu.

Wofunadi kuphunzira kujambula hockey apite ku timabwalo ta m'matauni ang'onoang'ono ndi ta makoleji, kumene mipando yambiri imakhala yopanda anthu ndipo palibe Getty. Akalankhule ndi kochi masewera asanayambe. Nthawi zambiri am'lola kuima pakona, ndipo osewera adzakondwa kulandira zithunzi zawo. Ngati osewerawo ndi ana, makolo afunsidwe kaye chithunzi chisanaikidwe pa Facebook. Ndipo amene akujambulira magazini ngati ino, alembe kalata ku ofesi ya zofalitsa nkhani ya timuyo kudakali masiku, kupempha chiphaso cha atolankhani.