Aphunzitseni kupima wodwala amene sakumugwira

Kuyambira pamene matenda a COVID-19 anafika m'Zambia mu March 2020, nkhani ya kuonana ndi dotolo pa foni yakhala pakamwa pa akulu-akulu a zaumoyo. Ife kuno ku Bundabunda sitikuikana. Ulendo wa ku cipatala ca Chongwe kapena ca St. Luke's ku Mpanshya umadya ndalama ndi tsiku lathunthu, ndipo wa ku UTH ndiye osanena. Funso lathu likupita kwa aphunzitsi a ku Ridgeway ndi a ku Levy Mwanawasa Medical University: kodi ana athu amene mukuwasula kukhala madotolo akuphunzira kupima munthu amene sakumugwira?

Cimeneci si cinthu cacilendo. Bungwe la Virtual Doctors lakhala likuthandiza ma clinical officer a kumidzi kutumiza mbiri ya wodwala ndi zithunzi kwa madotolo odzipereka a ku Britain, amene amayankha ndi malangizo. Koma pamenepo pali munthu wophunzira amene wagwira kale wodwalayo. Zimasiyana pamene wagwira foni ndi agogo, kapena mai amene mwana wake akubanika usiku.

Apa dotolo ayenera kubwereka manja ndi maso a wina. Adziwe kuuza maiyo, m'mau apafupi, kuti akweze malaya a mwana ndi kuwerenga mpweya kwa mphindi imodzi yathunthu mwanayo ali cete. Mwana wa miyezi 2 kufika 11 akafika 50, kapena wa caka 1 kufika zaka 5 akafika 40, ndiye kuti akupuma mofulumira ndipo cibayo cingakhalepo. Adziwe kufunsa ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati, ngati zikhato zayera, ngati khungu la pamimba likucedwa kubwerera atalitsina. Amene anaona kolera ya 2023 ndi 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka cipatala, akudziwa kuti madzi amatha msanga m'thupi. Zonsezi zili m'mabuku ao, koma kuzicita ndi manja ako ndi kuzicititsa munthu wamantha pa foni imene ikudukaduka ndi nchito ziwiri zosiyana.

Cacikulu ndi kamvedwe. Munthu wa kwathu akafunsidwa kuti muli bwanji amayankha kuti ali bwino, kapena kuti aliko pang'ono, ngakhale wagona pa mphasa masiku atatu. Ndi ulemu umenewo. Ife amene timayendera odwala m'midzi timadziwa kuti zoona zimatuluka pa funso lacitatu, mutakhala pansi. Dotolo wothamanga amene alemba yankho loyamba adzatsazika munthu amene akufa. Ndiponso ambiri kuno amadandaula m'Cisoli. Wophunzira amene anakulira ku Kitwe ayesedwe ndi womasulira pakati, osati m'Cizungu cokha ndi mnzake wa m'kalasi akudziyesa wodwala.

Nanga cinsinsi? Foni ya m'mudzi nthawi zambiri ndi yobwereka, ndipo mwini wake amaimirira pomwepo. Mtsikana sanganene za mimba, mai sanganene za ma ARV, apongozi ali pakhomo. Lamulo la Data Protection Act la 2021 lilipo, koma silingathamangitse anthu pakhonde. Dotolo aphunzire kuyamba ndi kufunsa kuti, “Muli ndi yani pamenepo? Kodi mungalankhule momasuka?”

Tikupempha a Health Professions Council of Zambia, amene amavomereza maphunziro a zaumoyo, kuti luso limeneli likhale pa mayeso. Ndipo pa mayesopo pakhale funso la nthawi yoleka kulankhula. Malungo satsimikizika pa foni, amafuna kupima magazi. Mwana amene akukomoka kapena akulephera kuyamwa, mai wapakati amene akutaya magazi, awa auzidwe mosabisa kuti afune galimoto tsopano lino, ndipo dotolo yemweyo aimbire cipatala cimene akupitako kuti akawapeze akudikira.