Kodi Ufulu Ungaturuke m'Kamwa mwa Mfuti?

Abale owerenga, pali ciphunzitso cimene maiko amphamvu akonda kucilalikira, ndico ici: kuti mtundu wa anthu ukagwa m'manja mwa wolamulira wankhanza, kuyenera kuti maiko ena atumize asilikari ao kukamgwetsa, ndi kupatsa eni dziko ulamuliro wa demokalase, umene anthu asankha okha atsogoleri ao, nawacotsa akalakwa. Mau awa akoma m'khutu, pakuti ndani sakondwa poona wozunza anthu alikugwa? Koma ife ticikana ciphunzitsoci, ndipo mboni yathu ndi dziko la Iraq.

Sitidzabisa zoipa za Saddam Hussein, amene analamulira dzikolo kuyambira 1979. Anaputa nkhondo ndi Iran mu 1980, nalanda Kuwait mu 1990. Ndipo mu 1988 ndege zace zinathira mpweya wakupha pa mudzi wa Halabja, nafa anthu a mtundu wa Akurdi ngati 5,000. Munthu wotere sitimlira maliro. Koma funso lathu ndi lina: kodi mankhwala amene alendo anabwera nao anaciza nthendayo?

Pa 20 March 2003 ankhondo a America ndi Britain analowa m'Iraq, otumidwa ndi George W. Bush ndi Tony Blair. Anati Saddam wabisa zida zopululutsa anthu aunyinji, natinso adzamasula anthu a dzikolo. Bwalo la citetezo la bungwe la United Nations silinawapatse cilolezo, ndipo zida zija anazifunafuna ponseponse osazipeza. Mu 2004 Kofi Annan wa ku Ghana, mlembi wamkuru wa bungwelo, ananena poyera kuti nkhondoyo inasemphana ndi malamulo ace. Mu 2016 akuru ofufuza a ku Britain komwe, otsogozedwa ndi John Chilcot, anapeza kuti dziko lao linathamangira nkhondo njira za mtendere zisanathe.

Kugwetsa kunali kwapafupi, pakuti Baghdad anagwa pa 9 April, atapita masabata atatu okha. Kumanga ndiko kunakanika. Mu May caka comweco Paul Bremer, amene America anamuika kuyang'anira dzikolo, anathetsa gulu lonse la asilikari a Iraq, nacotsa nchito anthu ambiri a cipani ca Saddam, ngakhale aphunzitsi a sukulu amene analowa cipanico pofuna kusunga nchito cabe. Taganizani, abale: amuna mazana a zikwi odziwa mfuti, obwezedwa kwao opanda malipiro, ndi mitima yowawa! Ambiri a iwo analowa m'magulu oukira. Mu 2004 dziko lonse lapansi linaona zithunzi za akaidi ozunzidwa ndi asilikari a America m'ndende ya Abu Ghraib, momwemo Saddam anazunziramo anthu. Mu 2006 mabomba anaphwanya nyumba yopatulika ya Asilamu a Cishia ku Samarra, ndipo Ashia ndi Asunni, amene anakhala moyandikana ndi kukwatirana, anayamba kuphana m'makwalala. Pamene ankhondo a America anacoka mu December 2011, anali atataya anzao pafupifupi 4,500. Koma anthu wamba a Iraq amene anafa anaposa 100,000. Mu 2014 gulu lankhanza la ISIS linalanda Mosul, pamalo pa Nineve wakale, ndipo Akristu, amene makolo ao anapembedza m'dziko limenelo kuyambira zaka zoyamba za Mpingo, anathawa ndi zobvala za pathupi zokha.

Wina adzati, Kodi anthu a Iraq sanacite cisankho mu January 2005, naonetsa zala zao zodetsedwa ndi inki mokondwera? Inde anatero, ndipo acitabe zisankho kufikira lero. Kulimba mtima kwao tikulemekeza. Koma kuponya pepala m'bokosi sindiko demokalase yonse. Mtima wace ndi uwu: kuti wolamulira ayankhe kwa iwo amene awalamulira, ndi kuti wogonja pa cisankho agone tulo osaopa kuti wopambana adzamdzera usiku. Nanga Bremer anayankha kwa yani? Mkazi wamasiye wa ku Baghdad analibe voti yomcotsa iye, kapena Bush amene anamtuma. Msilikari wacilendo amvera a kwao. A kwao akatopa ndi kulipira nkhondo amuitana, iye nanyamuka. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Otsala pa phulusa ndiwo eni mudzi. Tsono munthu angaphunzitse bwanji anzace kudzilamulira, pamene phunziro lace loyamba ndilo lakuti wamphamvu safunsa?

Winanso adzati, Nanga Germany ndi Japan, amene anagonjetsedwa mu 1945, sali maiko a demokalase lero? Tiyankha kuti maiko awiriwa ndiwo anayamba kuputa anzao, ndipo amene anawathira nkhondo anali kudziteteza. Ndiponso onse awiri anali kale ndi nyumba za malamulo, zipani ndi zisankho ankhanza asanazipondereze. Mbeu inalimo m'nthaka, inangophukanso. Sitinena kuti dziko loputidwa lipinde manja, iai. Cimene tikana ndico kuyamba nkhondo pa dziko limene silinakupute, ndi kuicha nkhondoyo mphatso.

Ndipo ife a ku Malawi tiri ndi cifukwa cathu cakulankhula, pakuti tinakhala zaka zambiri pansi pa cipani cimodzi, anthu namangidwa popanda mlandu. Ufulu wathu sunadze pa ndege za nkhondo. Pa 8 March 1992 kalata ya mabishopo a Cikatolika inawerengedwa m'mipingo yao; Chakufwa Chihana anabwera kwao nagwidwa; anchito a ku Blantyre anaukira, ena nafa. Maiko akunja anathandiza pakuimitsa thandizo la ndalama, koma sanatumize msilikari ndi mmodzi yemwe. Pa 14 June 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu anasankha zipani zambiri, ndipo mu 1994 Dr Hastings Kamuzu Banda anabvomera kuti wagonja. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Popeza citsekoco tinatsekula tokha, tinadziwanso kucicinjiriza: mu 2020 oweruza athu anafafaniza cisankho cokhota ca 2019, anthu naponyanso voti.

Cifukwa cace, abale, mukamva pa wailesi kuti dziko lakuti lirikusonkhanitsa ankhondo kukapatsa anzace ufulu, musafulumire kuomba m'manja. Funsani mafunso atatu: Anawaitana ndani? Akalakwa adzayankha kwa yani? Akacoka, adzaika maliro ndani? Maiko amphamvu akafuna kuthandiza otsenderezedwa, njira ziripo: aleke kugulitsa zida kwa ankhanza, aleke kuwasungira cuma cakuba m'mabanki ao, alandire othawa, nanene zoona poyera. Njira izi zicedwa, ndipo sizipatsa munthu ulemu wa ngwazi; koma zikalephera, anthu akhalabe ndi moyo kuti ayesenso. Anthu a Iraq amene anafa sadzaponyanso voti pa cisankho ciri conse.